Sungani ngati PDF musanapite kokasindikiza

Achemwali, kuti CV yanuyo ituluke papepala momwe ikuonekera pa kompyuta, musapite nayo kosindikiza ili mu Word. Mukamaliza kulemba, pitani pa File, kenako Save As, musankhe PDF, ndipo imeneyo ndiyo muike pa flash. PDF imanyamula zilembo ndi mizere momwe mwazikonzera, pomwe Word imadalira ma font (masitayilo a zilembo) omwe ali mu kompyuta yomwe mwatsegulirapo. Font yanu ikasowa kumeneko, Word imalowetsa ina, mizere n'kusuntha.

Ine zinandionekerapo. Kalata yofunsira ntchito ya tsamba limodzi inatuluka masamba awiri, dzina langa lili lokhalokha pamwamba pa tsamba lachiwiri, tsiku lotsekera lili lomwelo. Mtima unandipweteka zedi.

Onaninso kukula kwa pepala. Word nthawi zambiri imakhala itatcheredwa pa Letter, ya ku America, chonsecho mapepala omwe timagula kuno ndi A4, 210 mm m'lifupi, 297 mm m'litali. Sinthani pa Layout, Size musanasunge PDF ija, ndipo osindikizawo muwapemphe asankhe Actual size, kuti tsamba lisachepetsedwe kapena kukulitsidwa.

Mitundu (ma colour) yokha sifanana ndendende, poti sikirini imawala pomwe inki siwala. Ngati ndi makadi a ukwati kapena buku, kambiranani ndi akatswiri osindikiza, akutulutsireni kaye kope limodzi loyesera musanalipire zonse.