Hatchi ya m'nyanja m'kalasi la ku Mangochi: mafunso a aphunzitsi ndi makolo

Mafunso a ulendo uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi yowerengetsa ana, yonena za nsomba ya m'nyanja zamchere imene Angerezi amaitcha seahorse. Ndawaika pamodzi chifukwa akusonyeza kuti mwana akalephera kumvetsa nkhani, kawirikawiri vuto silikhala mawu aatali kapena achilendo, koma timawu ting'onoting'ono timene timamuuza amene akuchita chinthu, kumene akuchitira ndi chifukwa chake.

Mphunzitsi wa sitandade 4 wa ku Monkey Bay wafunsa kuti: "Ndikufuna kulembera ana ndime ya kumvetsa nkhani yonena za nsomba imeneyi. Anzanga ena akuti ndilembe kavalo wa m'nyanja, ena akuti hatchi ya m'nyanja. Cholondola ndi chiti?"

Aphunzitsi, mayina onse awiriwo ndi Chichewa chabwino, ndipo onse akutsata maganizo amene ali m'dzina la akatswiri a sayansi lakuti Hippocampus, limene chigawo chake choyamba ndi mawu a Chigiriki otanthauza kavalo. Nsombayi inapatsidwa dzinali chifukwa cha mutu wake wopindikira kutsogolo ndi mlomo wake wautali. Chimene muyenera kuganizira ndi agwirizanitsi. Dzina lakuti kavalo lili m'gulu la Mu-, A-, choncho timati kavalo wamng'ono amasambira, ndipo akachuluka timati akavalo. Ana ena amanyengedwa ndi ka- wa kumayambiriroyo n'kumalemba kuti kavalo kakang'ono, ngati kuti ndi dzina la m'gulu la Ka-, Ti-, zimene si zoona. Dzina lakuti hatchi limatenga agwirizanitsi ofanana ndi a nsomba: hatchi yaing'ono imasambira, nsomba yaing'ono imasambira.

Pa chifukwa chimenechi, ine ndikadalemba hatchi ya m'nyanja. Mu ndime yanu simungalephere kutchula mawu akuti nsomba, ndipo ngati chiganizo choyamba chikuti "kavalo wa m'nyanja amadya", chachiwiri n'kuti "imagwira udzu ndi mchira", mwana wazaka zisanu ndi zinayi adzafunafuna nyama yachiwiri imene palibe. Mukasankha kavalo, palibe cholakwika, koma mumugwiritsitse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Chenjerani pochulukitsa, pakuti ambiri timati mahatchi, ndipo pamenepo agwirizanitsi amasintha kukhala a gulu la Li-, Ma-. Njira yosavuta ndi kulemba kuti nsombazi.

Chiganizo choyamba cha ndime yanu chinene mosabisa kuti iyi ndi nsomba. Ana ambiri a kuno sanaonepo hatchi yeniyeni, ndipo akamva za nyama yaikulu yokhala m'madzi, maganizo awo amathamangira kwa mvuu. Auzeni kuti ilipo mitundu yoposa 40, kuti yaing'ono kwambiri siipitirira masentimita 2 pamene yaikulu imafika pafupifupi masentimita 35, ndipo muwapatse rula kuti ayeze okha pa desiki. Chiwerengero chimene mwana sanachione ndi maso amachiwerenga mokweza bwinobwino koma osachimva.

Mayi wina wa ku Malindi walemba kuti: "Mwana wanga atawerenga za nsombayi anandiuza kuti akapempha amalume ake, amene ndi asodzi, kuti akamugwirire. Kodi analakwitsa kuwerenga? Ndiponso, kodi timalemba m'nyanja kapena mnyanja?"

Mayi, mwana wanu anawerenga bwino, ndipo anaganizanso bwino. Amene anaperewera ndi wolemba nkhaniyo. M'Chichewa mawu akuti nyanja amagwira ntchito pa nyanja ya Malawi, ya Malombe, ya Chilwa, komanso pa nyanja zikuluzikulu zamchere, ndipo mwana wobadwira ku Malindi akamva kuti nyanja, imene amaidziwa ndi yomwe amasambamo. Wolembera ana a ku Mangochi ayenera kulemba kuti nyanja yamchere, ndipo asatope kubwereza. M'nyanja ya Malawi mulibe hatchi ya m'nyanja, chifukwa madzi ake alibe mchere. Nsombazi zimakhala m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja zamchere, makamaka pamene pali udzu wa pansi pa madzi. Zina zimapezeka m'gombe la Mozambique ndi la Tanzania, ndipo ku Knysna, m'dziko la South Africa, kuli mtundu wina umene umakhala pamathiriro a mitsinje, pamene madzi amchere amasakanikirana ndi a mumtsinje.

Kuti mwanayo amvetse kutalika kwa mtunda wokafika kumene nsombazi zimakhala, muyendetseni ndi madzi amene akuwadziwa. Madzi odutsa pansi pa mlatho wa pa boma la Mangochi amalowa m'nyanja ya Malombe, n'kutsika ndi mtsinje wa Shire kudzera ku Liwonde, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, n'kukathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yamchere ya Indian Ocean m'dziko la Mozambique. Kumeneko ndiye kwawo kwa nsombayi.

Pa za kalembedwe, lembani m'nyanja, ndi nkhodolero. Mawu athunthu ndi mu nyanja, ndipo nkhodoleroyo ikusonyeza kuti lembo la u lachotsedwa, monga mmene zilili mu m'madzi, m'thumba ndi m'bwato.

Funso lachitatu, lochokera kwa mphunzitsi wa ku Namwera, ndilo lili ndi nkhani yaikulu: "Buku limene ndinawerenga likuti yaimuna ndiyo imabereka. Ndinawawerengera ana, koma nditawafunsa, pafupifupi onse anayankha kuti yaikazi ndiyo imasunga mazira. Ena anaseka. Kodi mneni woyenera ndi uti: kubereka, kuswa kapena kuikira?"

Tiyambe ndi zimene zimachitikadi, pakuti mneni woyenera amasankhidwa potsata zochitikazo. Nsomba yaimuna ili ndi kathumba kunsi kwa mimba yake. Yaikazi ndiyo imapanga mazira, ndipo nthawi ikakwana imawathira m'kathumba ka yaimuna. Mazirawo amakhala mmenemo milungu iwiri, itatu kapena kupitirirapo, malinga ndi mtundu wa nsombayo ndi kufunda kwa madzi, ndipo nthawi yonseyo thupi la yaimuna limawapatsa mpweya ndi kuwateteza. Akaswa, yaimuna imadzifinya n'kutulutsa tiana, timene pa mitundu ikuluikulu timakhala mazanamazana, nthawi zina kupitirira 1,000. Tikangotuluka, timadziyang'anira tokha.

Tsono mneni wakuti kuikira ndi wa yaikazi yokha. Kulemba kuti yaimuna imaikira mazira n'kuphunzitsa bodza. Mneni wakuti kubereka ali ndi matanthauzo awiri amene mwana aliyense amawadziwa, kubala mwana ndi kunyamula mwana kumbuyo, choncho mwana akawerenga kuti yaimuna imabereka, akhoza kuganiza kuti imanyamula tiana pamsana. Mawu akuti ili ndi pakati kapena ndi yoyembekezera ndi aulemu, a anthu, ndipo ndiwo amayambitsa phwete m'kalasi, kapena manyazi amene amatseka ana pakamwa. Pa ziweto timati ili ndi bere, ndipo ikabala timati yaswa, monga timanenera za mbuzi. Mawu amenewa akhoza kugwira ntchito kwa ana okulirapo, koma kwa a sitandade 3 ndi 4 ndimakonda aneni awiri osavuta amene sasocheretsa: yaimuna imasunga mazira m'kathumba, kenako imatulutsa tiana.

Komabe sindikhulupirira kuti ana anu anasokonezeka ndi mneni yekha. Taonani chiganizo ichi, chimene aliyense wa ife angalembe mosaganizira: "Yaikazi ikakumana ndi yaimuna, imaikira mazira m'thumba lake, ndipo imawasunga mpaka ataswa." Pa malamulo a chiyankhulo, chiganizochi chilibe banga. Koma lake akuimira yani? Nanga i- wa mu imawasunga akuloza iti? M'Chichewa agwirizanitsi ndi alowam'malo sasiyanitsa chachimuna ndi chachikazi, choncho yaimuna ndi yaikazi zonse zimatenga i- ndi -ake. Wowerenga akasowa chomutsogolera amapereka ntchito zonse kwa mwininkhani amene watchulidwa poyamba, amene pano ndi yaikazi.

Pamwamba pa zimenezo, ana a ku Mangochi ali ndi chifukwa chabwino choyankhira mmene anayankhira. Pa chambo, pa utaka ndi pa mbuna za m'matanthwe a ku Cape Maclear, yaikazi ndiyo imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ambiri mwa ana okulira kugombe anazionapo kapena kuzimva kwa asodzi. Ngakhale mwana wa kumtunda, monga wa ku Namwera, amadziwa kuti wofungatira ndi nkhuku yaikazi. Chiganizo chikakhala chosamveka bwino, mwana amadzaza mpatawo ndi zimene akudziwa kale. Kumeneku si kupusa, ndiko kuwerenga kwenikweni, ndipo ntchito ya wolemba ndi kutseka mpatawo pamene nkhani ikusemphana ndi zimene mwana akuyembekezera.

Lembani motere: "Nsomba yaimuna ili ndi kathumba pamimba. Yaikazi imaikira mazira m'kathumba ka yaimunayo. Yaimuna ndiyo imasunga mazirawo mpaka ataswa." Dzina labwerezedwa katatu, zimene m'nkhani ya akuluakulu zikanaoneka zotopetsa, koma pano n'zofunika. Onaninso mawu akuti ndiyo. Mawu amenewa amauza wowerenga kuti mwa ziwirizo ndi iyi, osati inayo, ndipo mukawachotsa, chodabwitsa cha nkhaniyi chimazimirira. Musanawerengetse ndimeyi, afunseni ana kuti pa chambo amasunga mazira ndani. Akayankha, muwauze kuti amvetsere ngati nsomba ya lero ikuchita chimodzimodzi. Mwana amene akuwerenga ali ndi funso m'mutu sadumpha mawu akuti ndiyo.

Pali chinanso chokhudza dera lanu. Ana ambiri a ku Namwera, monganso a ku Makanjira, amayankhula Chiyao kunyumba, ndipo Chichewa cha m'buku amakumana nacho kusukulu. Mwana wotere akhoza kumvetsa nkhani koma n'kusowa mawu oyankhira. Muloleni ayambe wafotokozera mnzake m'Chiyao, kenako anene m'Chichewa. Mukatero mudzasiyanitsa amene sanamve nkhani ndi amene akungosowa mawu, ndipo awiriwa safuna chithandizo chofanana.

Bambo wina amene amathandiza ana kuwerenga masana akaweruka, kufupi ndi pa boma, wadandaula kuti: "Ana amayankha mafunso onse molondola, koma amangokopera chiganizo cha m'nkhani. Ndikawauza kuti atseke buku, sanena kanthu."

Bambo, yang'anani mawu amene mafunso anu akuyambira. Funso la chiyani, ndani kapena kuti limayankhika pongofufuza mawu ofanana m'ndime. Mukafunsa kuti "Hatchi ya m'nyanja imadya chiyani?", mwana amasaka mawu akuti imadya n'kukopera zotsatira. Mafunso otere ali ndi malo ake, awiri kapena atatu poyambira, koma sakuuzani ngati mwana wamva. Amene amakuuzani ndi a chifukwa chiyani, a bwanji ndi a wadziwa bwanji, makamaka pamene yankho lake lili m'ziganizo ziwiri zotalikirana.

Nkhani ya nsombayi ndi yabwino pa ntchito imeneyi chifukwa ziwalo zake zimafotokozerana. Ilibe mano ndipo ilibe chifu. Imayamwa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi ndi mlomo wake wautali, ndipo chakudyacho chimadutsa msanga m'thupi, motero imadya pafupipafupi tsiku lonse. Imasambira choimirira, ikukupiza kachipsepse kakang'ono ka pamsana, ndipo ilibe liwiro. Mchira wake ulibe chipsepse, koma umapindika n'kukulunga udzu. M'malo mwa mamba ili ndi timafupa tolumikizana pansi pa khungu. Imasintha mtundu, ndipo diso lililonse limayang'ana kwake, monga amachitira bilimankhwe. Mukalemba mfundozi m'ndime, musawauze ana zifukwa zonse. Lembani pamwamba kuti ilibe liwiro, pansi kuti imakulunga udzu ndi mchira, kenako mufunse kuti: "Madzi akayamba kukokola, nsombayi imatani kuti isatengedwe, ndipo n'chifukwa chiyani siingothawa?" Yankho lake silingakopedwe, pakuti palibe chiganizo chimodzi chimene chili nalo.

Phunzitsaninso alumikizi ngati mawu ofunika kuwamvetsa, osati ongodutsapo. Alembereni pa bolodi kuti "Ilibe chifu, ... imadya pafupipafupi", ndipo asankhe pakati pa choncho, koma ndi chifukwa. Amene wasankha chifukwa watembenuza nkhani, wachititsa kudya kukhala gwero la kusowa chifu, ndipo mukamufunsa kuti chinayamba n'chiti, adzadzikonza yekha. Yesaninso ndi ngakhale: "Ngakhale ndi nsomba, ilibe mamba." Mwana amene angakuuzeni chifukwa chake mawu akuti ngakhale akuyenera pamenepo wamvetsa zinthu ziwiri, kuti nsomba zambiri zili ndi mamba ndi kuti iyi ikusiyana nazo.

Kwa a sitandade 6 kupita m'tsogolo mukhoza kuwonjezera ndime ina, yakuti nsombazi zimagwidwa zambiri, kuumitsidwa ndi kugulitsidwa ngati mankhwala ku mayiko ena a ku Asia, ndipo kuti kuyambira m'chaka cha 2004 malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa pansi pa pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera zachilengedwe kuti zisathe chifukwa cha malonda. Funso loyenera pamenepo ndi lakuti: "Yaimuna imodzi yokhala ndi mazira ikagwidwa, zatayika nsomba zingati?" Ana a asodzi, amene amadziwa chifukwa chake usodzi wa makoka umatsekedwa nyengo imene chambo chikuswana, adzakhala ndi zambiri zonena, ndipo muwalole anene asanalembe.