Chapachifuwa cha mkuwa ku Austerlitz? Chaka chalakwika, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena amene akukhala ku Nottingham. Akuti anagula bokosi la tiziboliboli ta pulasitiki ta kampani ya Perry Miniatures, totalika 28mm, ta asilikali apakavalo a ku France, ndipo akufuna kukonza kabwalo kosonyeza nkhondo ya ku Austerlitz. Amata kale ma carabinier (mtundu wina wa asilikali apakavalo a Napoleon, mfumu ya France) angapo ovala chapachifuwa chonyezimira ndi chisoti chokhala ndi kansonga kofiira pamwamba. Funso lawo ndi lakuti: kodi yunifolomuyi ili bwino, kapena anzawo akawaseka ku kalabu ya okonda tiziboliboliti?

Achimwene, yunifolomuyo ndi yeniyeni ndithu, palibe amene anaipeka. Chalakwika ndi chaka. Nkhondo ya ku Austerlitz inamenyedwa pa 2 Disembala 1805, ndipo magulu onse awiri a ma carabinier analipo, pansi pa General Nansouty. Koma tsiku limenelo pachifuwa pawo panalibe chitsulo chilichonse. Ankavala jekete ya buluu wodera yokhala ndi nsalu yofiira kutsogolo, ndipo kumutu kunali chipewa chachitali cha ubweya wa chimbalangondo. Anapitiriza kumenya nkhondo atavala choncho mpaka mu 1809, pamene ambiri anaphedwa ndi kuvulazidwa polimbana ndi Austria, kuphatikizapo pa nkhondo ya ku Wagram. Napoleon ataona kuti akutha, anasaina lamulo pa 24 Disembala 1809 lowapatsa chapachifuwa ndi chisoti, ndipo jekete inasintha n'kukhala yoyera ya m'mphepete mwa buluu wowala. Tatembenuzani bokosi lanulo muone: palembedwa 1812 mpaka 1815. Asilikali anuwo afika ku Austerlitz zaka zingapo zovala zawo zisanasokedwe.

Musataye kanthu. Njira yosavuta n'kungosintha nkhondo. Apititseni ku Borodino, pa 7 Seputembala 1812, kapena ku Waterloo, pa 18 Juni 1815, kumene anali m'gulu la General Kellermann lija linathamangira asilikali a Britain ataima m'mabwalo a ngodya zinayi. Ngati mtima wanu uli pa Austerlitz basi, gwiritsani ntchito zotsala m'bokosimo kupanga ma cuirassier, mtundu winanso wa asilikali apakavalo, chifukwa iwowo analipo ndi chapachifuwa chawo chachitsulo komanso chisoti cholendewera ubweya wakuda wa kavalo kumbuyo. Kusiyana kwakung'ono kwa masokedwe kudzaonedwa ndi akadaulo okhaokha.

Popeza mwamata kale, tiyeni tikambe za kupenta chapachifuwacho, chifukwa ambiri amangochimwaza golide paliponse. Chinali chachitsulo, ndipo mkuwa wachikasu unkangokutidwa pamwamba, n'kusiya kamzere ka chitsulo choyera kuzungulira m'mphepete, komwe kunali timisomali tamkuwa. Ine ndimayamba ndi penti ya siliva thupi lonse, ikauma n'kudzaza mkati ndi mkuwa, kusiya mphepeteyo yopyapyala ngati ulusi. Timisomalito ndimatidonthezera ndi kamtengo kotokosera m'mano, burashi imachulutsa. Cha ofesala chinali chofiirira kuposa cha asilikali wamba, ndipo pakati pake panali chizindikiro chasiliva chonga dzuwa. Zimatenga madzulo onse, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Woliza lipenga ndi amene amagwetsa anthu ambiri, ine ndemwe. Tsiku lina ndinapenta wa gulu la ma dragoon (nawonso ndi apakavalo) jekete yobiriwira ngati anzake, pa kavalo wakuda, n'kunyadira mpaka mkulu wina ku kalabu atangomutola, kumuyang'anitsitsa, n'kumubwezera pansi osanena kanthu. Chaka cha 1812 chisanafike, oliza malipenga kawirikawiri ankavala mitundu yotembenuza: mtundu wa m'mphepete mwa jekete ya gululo ndi umene unkakhala jekete yonse. Ankakonda kukwera akavalo otuwa kapena oyera kuti mtsogoleri awaone msanga mu utsi. Malamulo a zovala za asilikali a 1812, otchedwa a Bardin, anawaika mu jekete yobiriwira ya nyumba ya mfumu, yokhala ndi timaliboni tachikasu. Koma lamulo lolembedwa ku Paris silinkafika msanga kwa telala wa gulu limene lili ku Spain kapena panjira ya ku Moscow. Zakale zinkavalidwa mpaka kung'ambika, ndipo akuluakulu ena a magulu ankakakamira zimene anazolowera.

N'chifukwa chake ine sindigwirizana ndi anthu amene amayeza chilichonse ndi buku la malamulo. Zojambula za Lucien Rousselot, katswiri wojambula mayunifolomu a asilikali a ku France, ndimazikhulupirira kwambiri, ndipo mukadzafika ku Paris mukalowe ku Musée de l'Armée ku Les Invalides, nyumba yosungiramo zinthu zakale za asilikali, mukaone zitsulo zenizenizo ndi maso. Koma zambiri zimene timatengera zimasonyeza msilikali wa pa perete. Wa kunkhondo nthawi zambiri ankachotsa nthenga ya pachisoti n'kuisunga, ankavala thalauza lotuwa la mabatani m'mbali, chikhoti atachipinda kumbuyo kwa chishalo. Ma carabinier ankadziwika ndi akavalo akuda, koma atabwerako ku Russia, kumene akavalo ambirimbiri anafera, ankakwera aliyense amene wapezeka. Choncho kavalo wofiirira mmodzi kapena awiri pamzere wa 1815 si tchimo. Tchimo ndi chaka cholakwika, chifukwa limenelo silikhala ndi podzikanira.

Mukasankha Waterloo, kumbukirani kuti usiku wonse wa pa 17 Juni kunagwa chimvula. Sakanizani penti yakhofi ndi guluu pang'ono ndi mchenga wosefa, mupake m'miyendo ya akavalo mpaka m'mawondo, kenaka muthimbiriritse m'munsi mwa majekete oyerawo. Mukamaliza munditumizire zithunzi, makamaka cha woliza lipenga.