Mwafunsa, Tayankha: Kuona Nyenyezi ya Mchira Muli ku Harare

Funso: Mu Okutobala 2024 anzanga ankatumizirana zithunzi za nyenyezi ya mchira ya Tsuchinshan-ATLAS. Ine ndinatuluka panja madzulo, osaona kanthu. Chinavuta n'chiyani? Bambo wa ku Mufakose.

Yankho: Bambo, musamayembekeze chinthu chothamanga ngati nyenyezi zija zimang'anima n'kuzimiririka. Ya mchira imaoneka itangoima, mbuu ngati kautsi, ndipo kusuntha kwake mumakuzindikira mawa lake. Zithunzinso zimanyenga, chifukwa kamera imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, zomwe diso silingathe.

Magetsi a m'tauni ndiwo amaphimba kwambiri. Nyenyezi ya mchira ikakhala kumadzulo, pitani cha ku Lake Chivero kuti kuwala kwa mzinda kutsale kumbuyo kwanu. Ikakhala kumpoto, Domboshava ndiye malo abwino. Inu munakumananso ndi adani ena awiri: mwezi unali wathunthu pa 17 Okutobala, komanso nyengo imeneyo utsi wa tchire ndi fumbi zimadzaza m'munsi mwa thambo, momwemo momwe nyenyeziyo inali. Juni ndi Julayi kumwamba kumayera bwino, kungoti nyenyezizi sizisankha mwezi.

Mukafika, khalani mumdima mphindi 20 kapena 30 osayang'ana foni. Tochi muikute ndi pulasitiki yofiira. Ndiye musaiyang'ane mwachindunji, ponyani diso pambali pang'ono, poti m'mbali mwa diso ndimo mumagwira kuwala kofooka. Mchira muufunefune mbali yosiyana ndi komwe kuli dzuwa.

Funso: Mwana wanga akulirira telesikopu. Ndimugulire yotani? Mayi wa ku Highfield.

Yankho: Mayi, telesikopu ibadikira. Imaonetsa kadera kakang'ono kwambiri, mchira sukwanamo, ndipo zotchipa zambiri zimagwedezeka miyendo. Mugulireni mabainokyula a 7x50 kapena 10x50. Nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chikula kangati, ya 50 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Zokuza kuposa ka 10 zimanjenjemera m'manja. Atsamiritse zigongono pampanda kapena padenga la galimoto, ndipo galasi likachita mame asapukute ndi malaya, limakandika. Alisiye liume lokha.

Pulogalamu yaulere ya Stellarium, yomwe imaonetsa pomwe pali nyenyezi kumwamba, imuthandiza kudziwa koloza. Achenjere ndi Omega Centauri, gulu la nyenyezi lomwe lili chakufupi ndi Southern Cross (nyenyezi zooneka ngati mtanda chakummwera), lomwe m'mabainokyula limafanana zedi ndi nyenyezi ya mchira. Ajambule papepala kautsiko pamodzi ndi nyenyezi zoyandikana nako, mawa lake ayerekeze. Ngati sikanasunthe, si iyo.

Chonde mumuuze motsindika: asaloze mabainokyula kumene kuli dzuwa mpaka litaloweratu, chifukwa diso limapsa nthawi yomweyo. Mumuuzenso kuti nyenyezi ya mchira ya Halley, yomwe inaoneka mu 1986, idzabweranso mu 2061.