Ndaika batire latsopano koma wotchi ili zii, ndiyambire pati?

Funso: Amisiri, ndikufuna ndiphunzire kukonza mawotchi, zongochita pa wikendi. Ndatola akufa angapo pa kaunjika, onse ndi a batire, imodzi ndi Casio ya manambala. Ndasintha mabatire koma palibe yadzuka. Ndithire mafuta? Nanga zida ndigule ziti?

Yankho: Mafuta asiyeni kaye achimwene, ndipo WD-40 kapena mafuta a makina osokera musayandikitse n'komwe, amakoka fumbi mpaka timagiya tonse timamatirira.

Vuto lanu lili pamene batire limakhalapo, izi ndimaziona daily. Mawotchi a pa kaunjika eni ake anawataya m'dirowa batire lakufa lili momwemo zaka ndi zaka, limatayikira, ndiye tizitsulo togunda batire timachita zoyera ngati mchere, pena zobiriwira, moto sungadutse pamenepo olo muike batire la mtengo wanji. Palani pang'onopang'ono mpaka chitsulo chiwale, pukutani ndi kathonje ka spiriti, padikireni paume. Onaninso kachitsulo kapansi ngati sikanaphwatalale, anthu amakanikiza batire ndi chala chonse ngati akutseka botolo. Mukatero tengani mita yoyezera magetsi (multimeter) muyeze batire lomwe mukuti latsopanolo. Ngati ndi batire la SR626SW, ena amati 377, lizionetsa 1.55V kapena kupitirira pang'ono. Ngati munagula a pakhadi otchipa aja olembedwa LR626 kapena AG4, amenewo ndi alkaline, amatha msanga ndipo ndi omwewo amatayikira n'kuononga wotchi, ine sindiwaika ngakhale kasitomala atabwera nawo yekha. Batire muziligwira ndi kopanira ka pulasitiki, kopanira kachitsulo kamalishotetsa musanaliike n'komwe.

Casio ija mwina ilibe vuto. Ngati ndi F-91W imadya CR2016, ndipo mukasintha pamafunika reset, kuidzutsa kuti iyambirenso. Pali kabowo kolembedwa AC, tengani kopanira kachitsulo, nsonga imodzi pa AC ina pamsana pa batire pali + paja, masekondi awiri, manambala abwera.

Ya mivi ikakanabe, yang'anani koyilo, kawaya ka kopa kopyapyala kuposa tsitsi. Sikuludiraiva ikangoterereka n'kukanda pamenepo basi yapita, ongoyamba kumene amapha mawotchi ambiri chonchi. Mukayeza koyiloyo mita ili pa ohms, ikapanda kuwerenga kanthu ndiye yaduka, musavutike, gulani injini yonse, ndikunena makina onse a m'kati mwa wotchi, zambiri zimakhala Miyota 2035 ndipo siidula. Muvi wa masekondi ukamangonjenjemera pamodzimodzi ndiye magiya agwira fumbi kapena mivi ikugundana.

Zida ndi zochepa: chotsegulira kumbuyo, masikuludiraiva ang'onoang'ono abwino osati opindika tsiku loyamba aja, zopanira ziwiri, kagalasi kokuzira ndi mita. Mpeni wa kukhitchini ayi.

Zowayinda mudzayambe manja akazolowera, ndipo mudzayambire pa injini ya Seagull ST36 poti tizigawo take ndi tikulutikulu, osati Seiko 5 ya bambo anu. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni, ndipo potseka onetsetsani kuti kamphira kakumbuyo kabwerera m'malo mwake, apo ayi mvula yoyamba galasi lichita nthunzi.