Kwa mayi amene andilembera kuti "ine ndine wongosesa"

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisatchule dzina lawo. Akuti kwa zaka zambiri ndi iwo amene amasesa m'tchalitchi Loweruka, kuyala mabenchi ndi kutsuka tizikho ta mgonero. Kuimba satha, ndipo akapatsidwa pemphero pagulu mawu amawathawa. Posachedwapa anadwala milungu itatu. Atabwerako, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa kuti anasowa bwanji. Zomwe anamva n'zakuti anthu ankadandaula za fumbi. Funso lawo ndi ili: "Kodi munthu ngati ine ndili ndi phindu lanji mumpingo? Kapena ndingosiya?"

Mayi, pepani kwambiri. Sindiyamba n'kukuuzani kuti limbani mtima, ngati kuti vuto lili mwa inu. Mpingo umene unaona fumbi koma osaona kuti wosesa wasowa unakulakwirani, ndipo zimenezi ziyenera kunenedwa poyera.

Tsegulani 1 Akorinto 12. Paulo analemba kalatayi ali ku Efeso, a m'banja la Kloe atamuuza kuti ku Korinto abale akukangana. Ena ankadzitama ndi mphatso zoonekera monga kulankhula malilime. Ena pa mgonero ankadya n'kukhuta anzawo osauka ali ndi njala. Ndi anthu otere amene anawauza kuti mpingo ndi thupi limodzi la ziwalo zambiri. Tikamawerenga mutuwu timakonda kuima pa vesi 15, pamene phazi likudziderera kuti poti si dzanja ndiye kuti si la thupi. Apo mpamene pali inu lero, ndipo yankho la Paulo n'lakuti kunena chomwecho sikulichotsa phazi m'thupi. Koma pitirirani mpaka vesi 21. Apo sakulankhulanso ndi phazi, akudzudzula diso ndi mutu, ziwalo zapamwambazo, kuti zilibe mphamvu youza zinzake kuti sitikukufunani. Kenaka akunena mawu amene amandigwira mtima nthawi zonse: ziwalo zooneka ngati zofooka ndizo zofunika, ndipo zimene timaziyesa zopanda ulemu tiyenera kuzipatsa ulemu woposa. Pa vesi 26 akuti chiwalo chimodzi chikamva kuwawa, zonse zimve nacho. Inu munadwala milungu itatu thupi lonse osamva kanthu. Pamenepa wodwala kwenikweni si inu ayi, ndi thupilo limene lachita dzanzi.

Ganiziraninso za Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9. Palibe ulaliki wake ngakhale umodzi umene unalembedwa. Chimene tikudziwa n'chakuti ankasoka. Atamwalira, abale anatuma anthu awiri ku Lida kukaitana Petro, ndipo amayi amasiye anamuzungulira akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anawasokera. Taonani chithunzicho: m'chipinda chapamwamba, mayi wamasiye wagwira mpendero wa chovala chake, misozi ili chuchuchu, akuti taonani, anasoka ndi iyeyu. Mulungu anaukitsa munthu wa singano ndi ulusi, ndipo ambiri mu Yopa anakhulupirira.

Ngakhale atumwi anaphunzira zimenezi movutikira. Pa Machitidwe 6, amasiye olankhula Chigriki ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, mpaka panabuka madandaulo. Abale anasankha amuna 7 oti aziyang'anira ntchitoyo, ndipo sanangotola aliyense: atumwi anafuna anthu a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, n'kuwasanjika manja. Ntchito yogawa chakudya, koma kuisanjikira manja! Ndimakondanso kamzere kena pa Aroma 16:22, pamene Tertio, amene anagwira cholembera Paulo akulankhula, akupereka moni wake. Kalata imene yasintha miyoyo ya anthu osawerengeka inadutsa m'dzanja la munthu amene ambiri sitimukumbuka n'komwe.

Ndikuuzeni zanga. Panali nthawi imene ndinaleka kupemphera kwa miyezi yambiri, mtima utazizira. Tsiku limene ndinabwerera ndinafika mochedwa dala, kuti ndikhale kumbuyo anthu asandione. Pakhomo panali bambo wina wachikulire, wolandira anthu, amene sindinamumvepo akulankhula kutsogolo. Anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, osafunsa kuti ndinali kuti, n'kungoti, "Malo anu alipo, lowani." Ulaliki wa tsikulo ndinauiwala kalekale. Kufunda kwa manja aja ndikukumvabe, ndipo ndikudziwa kuti akanakhala kuti panalibe munthu pakhomopo, mwina ndikanabwerera panjira.

Tsono musiye kapena ayi? Maganizo anga ndi akuti musachoke mwakachetechete. Pitani kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumamasuka naye, mukawauze zimene mwandiuzazi, mmene zilili, osachepetsa. Si kudandaula kopanda pake. Amasiye a Chigriki aja akanapanda kunenedwa, vuto lawo silikanakonzedwa. Mwina atsogoleriwo sakudziwa n'komwe kuti ntchito yonseyi yakhala pa munthu mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pemphani kuti pakhale anthu ena osinthana nanu, makamaka achinyamata amene mungawaphunzitse.

Ndipo ngati mwatopa, pumani, si tchimo. Pano ndikufuna mundimvetse bwino, chifukwa nkhani ya mphatso ikalalikidwa molakwika imasanduka goli, ngati kuti munthu amagula malo mumpingo ndi ntchito. Vesi 13 ya 1 Akorinto 12 ija ikuti tonse tinabatizidwa ndi Mzimu mmodzi kulowa m'thupi limodzi. Simunalowe ndi tsache. Milungu itatu imene munali gone pamphasa, osatha kunyamula ngakhale kapu, munali chiwalo cha Khristu chimodzimodzi ndi mlaliki amene anaima pa guwa. N'chimodzimodzinso agogo amene sangathenso kuyenda, ndi mwana wolumala amene amangokhala pamiyendo pa mayi ake.

Mukakambirana nawo akuluwo, mundilemberenso mundiuze mmene zayendera. Mundiuzenso mmene mukupezera m'thupi, poti m'kalata yanu yonse simunanene ngati mwachira bwinobwino.