Chigayo pa puloti ya nyumba ku Area 25

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike chigayo pa puloti yanu poti mapepala a malowo muli nawo. Mapepalawo amangotsimikiza kuti malo ndi anu, sakupatsani ufulu wochitapo chilichonse. Mapulani a mzinda wa Lilongwe anagawa kale malo: kwina nyumba zogonamo, kwina malonda, mafakitale ku Kanengo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti mupeze kaye chilolezo musanasinthe ntchito ya malo, ndiye kapempheni ku khonsolo mutanyamula pulani yanu. Komatu chigayo ndiye chovuta: phokoso tsiku lonse, fumbi la ufa pa zovala zimene aneba ayanika. Kagolosale mwina angavomere msanga. Mukamanga mozemba, khonsolo ikhoza kukuimitsani ngakhale kugwetsa chomangacho.