Digiri ya zisudzo ndi ngongole yake: kuyankha mayi a ku Namwera

Imelo imene ndalandira Lachiwiri yandisowetsa tulo. Alemba ndi mayi ena a ku Namwera, ogulitsa nyemba ndi mpunga pamsika. Mwana wawo wamkazi akufuna kukaphunzira za zisudzo ku yunivesite ku Zomba, pa ngongole ya boma. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi zamasewerozi anthu amadyera? Nanga ngongoleyo adzabweza ndi chiyani?"

Mayi, funso lomweli anandifunsa malemu bambo anga tili pakhonde kwa Mpondasi, iwo akusoka ukonde. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Ukakongole ndalama kuti ukaphunzire kuseketsa anthu? Amalume ako aja amatiseketsa ulere pamaliro paliponse." Ine magazi anawira. Ndinawatchulira Du Chisiza Jr., yemwe anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987 mpaka kudzakhala nduna ya boma. Bambo anadula ulusi ndi mano, n'kunena kuti, "Ameneyo ndi mmodzi. Enawo ali kuti?"

Ndinapitabe. Ndipo ndisakunamizeni, zaka zinayi zija zinali zokoma. Tinkayenda m'mapazi a Travelling Theatre, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chanco, yunivesite ya ku Zomba ija, tikuwerenga zomwe a Chris Kamlongera analemba za masewero otukula midzi, tikudziona ngati dziko lonse likutidikira. Nditavula gauni n'kubwerera kuno ku Mangochi, ndinasonkhanitsa anyamata ndi atsikana asanu ndi awiri, tinayeserera miyezi iwiri, tinabwereka holo paboma pompano. Mapepala oitanira anthu tinamata m'mitengo kuyambira kumsika mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi. Tsikulo kunabwera anthu 23. Mwa iwo, 9 anali abale a osewera, ndiye mukudziwa kale, mbale salipira pakhomo. Sewero lili pakati magetsi anathima, ndalama yonse ya matikiti inathera mafuta a jenereta. Mtsikana amene anasewera mbali ya mfumukazi ndinam'lipirira kabaza ndi ndalama ya sopo ya mayi anga.

Zitatero tinalowera kunyanja, m'malo ogona alendo aja a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Pena ankatipatsa kangachepe. Pena bwana ankatiuza kuti "mwaonekera kwa azungu, imeneyo ndiye mphoto," n'kutitsazika ndi mbale ya mpunga ndi mutu wa chambo. Chaka china chikondwerero cha zoimbaimba cha Lake of Stars chitachitikira ku Nkopola ndinapezako ndalama yooneka, koma osati ya sewero ayi. Inali ya ganyu yonyamula zokuzira mawu, digiri ili m'sutikesi kunyumba.

Apa ndiye pandiwawa, ndipo ndinena mosapsatira: Amalawife zisudzo timazikonda, koma kulipira ndiye ayi. Paukwati woimba amalandira envulopu, wojambula amalandira, wophika amalandira, wa zisudzo amamuuza kuti "mungotisangalatsako pang'ono achimwene," kenako fanta. Tinaseka ndi Izeki ndi Jakobo kwa zaka zambirimbiri, koma ndi angati mwa ife amene anagulapo tikiti? Kale anthu a ku Blantyre ankadzaza French Cultural Centre Lamulungu masana. Lero mwana akapeza ya bandulo, nthabwala za pa TikTok zam'kwana, ndipo m'tinyumba ta vidiyo ta kumsika mwadzaza mafilimu a ku China owaika mawu a Chichewa. Sindikuwanyoza anyamata oika mawuwo, ena ndi aluso kuposa ife a madigiri. Ndikungoti wolipira pakhomo uja anasowa.

Ndiye wina andiuza kuti nanga a Michael Usi, Manganya wa mu Tikuferanji, si uja anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024? Zoona. Koma kumbukirani kuti mkuluyu anagwira ntchito ya pamwezi ku bungwe la ADRA kwa zaka zambiri. Sankadikira ya pakhomo.

Ndipo kumabungweko n'kumene kuli ndalama ya zisudzo m'dziko muno. Ine ndinayamba kugula thumba la chimanga ndi thukuta langa nditayamba kupanga masewero a malungo, likodzo ndi maukwati a ana ku Malindi, ku Makanjira ndi kwa Chembe. Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, boma lathu lino la Mangochi litavutika kwambiri, tinkasewera midzi itatu pa tsiku. Zimachititsa manyazi kunena, koma chaka cha mliri n'chimene ndinafolera nyumba ndi malata. Vuto lake, pulojekiti ikatha nawe watha. Miyezi itatu uli bwana, isanu ukukongola ku banki m'khonde. Bungwe lina mpaka lero lili nane ngongole ya masewero asanu ndi limodzi. Wa ku ofesi kwawo nambala anasintha.

Nanga ngongole ya boma ija?

Imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo limatsata ngakhale amene anakongola kale kuyambira cha mu 1985. Mwana akamaliza sukulu amam'patsa zaka ziwiri zopumira, kenako ayambe kubweza, ndipo akalembedwa ntchito abwana ake amayenera kumadula kumalipiro. Ngongoleyi sifunsa kuti unaphunzira zisudzo kapena masamu. Imangofuna ndalama yobwera mwezi ndi mwezi, chinthu chimene sewero palokha silipereka. Yanga ndinayamba kuigwetsa bwinobwino nditayamba kuphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ya pulaiveti, ntchito imene ndinkaithawa ngati ya olephera. Lero choko n'chimene chikudyetsa ana anga, ndipo ana a sukulu amene ndimawakonzekeretsa mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, ndiwo amandikumbutsa chimene ndinapitira ku Zomba.

Tsono mayi, m'loleni apite. Koma pambali pa zisudzo atengenso phunziro loti angadzaliphunzitse, kaya Chingerezi kaya Chichewa. Akongole zokhazo zimene inu simungakwanitse. Ngati ufa ndi nyemba mungamatumize, tumizani. Mapepala onse a ngongole asunge. Aphunzire kulembera wailesi, kutchula mtengo osagwetsa nkhope, ndi kulandira theka la malipiro asanakwere galimoto ya bungwe lililonse.

Ngati akufuna aone kaye ndi maso ake, timayeserera Loweruka lililonse 2 koloko pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika paboma. Abwere ndi madzi ake akumwa, ndi ya thiransipoti yobwererera ku Namwera.